Chikwama chofiira cha mankhwala: ndakhala nacho dzinja ziwiri

Ine ndine telala. Makina anga amakhala pakhonde la sitolo ina ku Zingwangwa, ndipo chinthu chilichonse chosokedwa chikafika m'manja mwanga ndimayamba ndachitembenuza kuti ndione msoko. Ndi mmene ndinachitiranso ndi chikwama chofiira cha chithandizo choyamba chomwe ndinagula ku famase ina ku Limbe mu Okutobala 2023. Mtsikana wogulitsa anadabwa kuona kuti m'malo mofunsa za mankhwala ndikukoka zipi uku ndi uku. Mtengo womwe ndinapereka sungakuthandizeni lero, poti mwezi wotsatira kwacha inagwa ndi 44 peresenti ndipo chilichonse chinakwera. Ndingoti zinali ndalama zomwe ndimapeza ndikasoka madiresi atatu.

Chomwe chinandituma kukagula ndi namondwe Freddy. Ife timakhala kumunsi kwa phiri la Soche, ndipo usiku wa Lamulungu kuchera Lolemba pa 13 Malichi 2023 tinamva phiri likulira ngati malole ambiri akutsika pamodzi. Mayi anga anangoti, "Napolo uyo, nyamulani ana." Nyumba yathu siinakokoloke, linagwa ndi khoma limodzi la kuchipinda, koma abale athu a ku Chilobwe anakwiririka m'matope ali m'tulo. M'dziko lonse anthu oposa 600 anafa, ena mazanamazana sanapezeke mpaka lero, ndipo oposa theka la miliyoni anasowa pokhala. Ife tinagona masiku asanu ndi anayi m'kalasi ya sukulu ya pulayimale.

Zinthu ziwiri za masiku amenewo sizichoka m'mutu mwanga. Choyamba ndi phazi la alamu anga. Anaponda lata lobisika m'matope pothandiza kufukula anthu, ndipo linawacheka kuchokera kuchala chachikulu mpaka pakati pa phazi. Ndinang'amba chitenje chomwe ndinavala, chonyowa ndi madzi a matope omwewo, n'kumanga. Panalibe china. Patatha masiku atatu phazi linatupa, likutuluka mafinya, ndipo anakagona ku Gulupu sabata yathunthu. Chachiwiri ndi mapiritsi a mayi a kuthamanga kwa magazi. Anawamanga pansonga ya mpango monga amachitira nthawi zonse, ndipo titafika kusukulu kuja anali phala loyera. Buku lawo la kuchipatala linatsala m'nyumba, linavunda. Adokotala atabwera kumsasa n'kufunsa kuti, "Agogo, mumamwa mankhwala anji?" mayi anangoyankha kuti, "Ang'onoang'ono oyera aja." Ine ndemwe sindinkadziwa dzina lake.

Ndiye pokagula chikwama ndinkafuna chinthu choti tsiku ngati limenelo likadzabweranso ndidzangotola n'kuthawa nacho. Ndinene msanga mmene ndachionera: chikwamachi n'chabwino posungira, zida zina zilimo n'zothandiza, koma mmene chimachokera m'sitolomo sichokwanira pa ngozi ya madzi ndi matope. Anachikonzera munthu wa mu ofesi amene wadzicheka ndi pepala, kapena wa galimoto amene wapala chigongono. Mukachigula, dziwani kuti mwagula chiyambi chabe.

Ndiyambe ndi kasokedwe, poti kumeneko ndiye kwathu. Kukula kwake n'kofanana ndi Baibulo lalikulu la paguwa. Nsalu yakunja ndi yokhuthala, ya mtundu wa zikwama za ana a sukulu, ndipo mkati anamatamo kapulasitiki kopyapyala. Matumba a mkati ndi oonekera, moti suvutika kufufuza, ndipo chikatsegulidwa chimayalika pansi ngati buku. Chimenecho ndinachikonda. Zipi ndi yaikulu mano, ya mitu iwiri, ndipo mpaka pano sinadumphepo. Pomwe anachita ulesi ndi pa chogwirira. Anangodutsa kamodzi ndi ulusi wochepa mphamvu, osabwereza, moti nditachikoka ndi zala msoko unayamba kuseka. Ndinachibwereza ndekha ndi ulusi wa jinzi, mokhotakhota, n'kuwonjezera lamba wautali wopachika paphewa. Munthu wobereka mwana kumbuyo, dzanja lina atagwira gogo, alibe dzanja lachitatu lonyamulira chikwama. Ngati simusoka, pitani nacho kwa telala aliyense kapena kwa osoka nsapato, ndi ntchito ya mphindi zochepa.

Pakapepala kake analemba kuti sichilowa madzi. Ndinafuna kudzionera ndekha. Ndinachotsa zonse, n'kuikamo nyuzipepala, n'kuchisiya pamvula ya Disembala kwa ola limodzi. Nyuzipepala inanyowa m'mphepete motsata zipi. Kenako ndinachiviika m'beseni, ndipo ndisanamalize kuwerenga mpaka makumi atatu madzi anali atadzaza. Nsaluyo payokha imakana madzi, koma zipi ndi mabowo a singano amalowetsa. Amene anawoloka madzi ofika m'chiuno usiku uja akudziwa kuti kuwaza kwa mvula si kumene timaopa. Mankhwala ake ndi osavuta: botolo la pulasitiki la chiponde, lija la chivindikiro chopota. Ndinatsuka awiri, n'kuwayanika padzuwa masiku awiri, ndipo nditawayesa m'beseni lomwelo usiku wonse sanalowe ngakhale dontho. Mapiritsi onse ndi machesi amakhala m'menemo. Zotsalazo ndinazikulunga m'majumbo okhuthala, chilichonse pachokha, n'kumanga ndi mphira.

Za m'kati. Pachikuto analemba kuti muli zinthu 100, ndipo nditawerenga zinakwanadi, koma kuwerenga kwake n'kwa pini iliyonse payokha. Kuposa theka anali mapulasitala ang'onoang'ono a pachala. Kenako timitengo ta thonje, mapini, ndi timapepala tonyowa topukutira pabala, tomwe tina ndinatipeza titauma kale m'mapaketi mwake. Mapulasitalawo pakhungu louma amagwira, koma pa phazi lonyowa amatha mphindi zisanu n'kumatuka. Ndinasiyamo khumi, ena onse ali m'kabati ya kunyumba, ana amagwiritsa ntchito akadzipweteka kumpira.

Zomwe ndinaziona kuti n'zaphindu ndi bandeji yotamuka imodzi, yabwino ndithu, yomanga bondo kapena kakolo kobinya. Nsalu ya makona atatu yokolekera mkono wothyoka. Kachitsulo kozulira minga ndi magalasi. Ndi bulangete lonyezimira ngati pepala la siliva, lomwe likapindidwa limakwana m'thumba la malaya. Bulangete limeneli poyamba ndinaliyesa chidole. Namwino wina wa kumpingo kwathu anandifotokozera kuti limabweza kutentha kwa thupi ndipo limatchinga mphepo, koma munthu uyambe wamuvula zonyowa. Ndikakumbukira mmene ana ankanjenjemerera pa simenti ya kalasi ija, milomo itachita bii, ndinabwerera ku Limbe kukafuna ena awiri. Sizasi yake ndiye ayi. Ndinayesa kudula nayo nsalu ya jinzi, inangoitafuna. Pa ngozi umafunika kudula buluku kuti uone bala, ndiye ndinaikamo sizasi yanga yakale ya kuntchito, yonoledwa. Magolovesi munali peya imodzi yokha, yopyapyala, ndipo chala chimodzi chinang'ambika pongovala. Pano muli mapeya asanu. Magazi a munthu wina sagwiridwa ndi manja osavala, kaya ndi m'bale wako, ndipo pa ngozi sipakhala wovulala mmodzi.

Chomwe chinandikhumudwitsa kwambiri n'chakuti m'zinthu 100 zonsezo, zoletsera magazi a bala lalikulu zinali tinsalu toyera tinayi, tomwe achipatala amati gauze, kalikonse kosaposa chikhatho cha mwana. Bala ngati la alamu anga likanamwa tonseto mphindi imodzi. Malata, mabotolo osweka, misomali ya denga, njerwa zogwa, zimenezi ndi zomwe zimavulaza anthu nyumba zikamagwa, ndipo mabala ake amakhala aakulu ndi akuda. Ndinagula paketi yaikulu ya gauze ndi mabandeji oyera asanu ndi limodzi. Ndinadulanso nsalu ya thonje yoyera m'zidutswa zazitali, n'kuziwiritsa, kuziyanika, kuzisita ndi simbi yotentha kwambiri, n'kuzitsekera m'jumbo. Ndinaikamonso paketi ya mapadi a amayi. Ntchito yake yeniyeni ndi yofunika kale, ndipo amene anakhalako kumsasa akudziwa mmene atsikana ankavutikira mwakachetechete, koma padi yatsopano ndi yaukhondo ndipo imamwa magazi ambiri ukaipsinja pabala. Kachitidwe kake ndi kupsinja mwamphamvu osasiya kwa mphindi khumi kapena kuposa, osamasuzumira. Nsalu ikanyowa suichotsa, umasanjikiza ina pamwamba. Thonje lomwe linalimo lambiri m'chikwamamo silabwino pabala lotseguka chifukwa limasiya ubweya womwe umakanirira.

Munalinso kabotolo ka sipiliti. Ambiri tinakula tikudziwa kuti bala limathiridwa sipiliti, ndipo likamawawa ndiye kuti mankhwala akugwira. Namwino uja anandiletsa. Anati bala la matope limafuna madzi oyera ambiri, kulitsuka mpaka dothi lonse lichoke, sopo n'kutsukira khungu la m'mbali, kenako ayodini, n'kuphimba. Sipiliti ndi wopukutira sizasi ndi kachitsulo kaja. Ndipo bala lakuya lililonse la lata kapena msomali, ngakhale litaoneka kuti lauma, munthu apite kuchipatala chifukwa cha kafumbata. Ndiye ndinaonjezera sopo, kabotolo ka ayodini, ndi botolo la madzi la lita imodzi losatsegula lomwe ana akudziwa kuti si lakumwa.

Nkhani ya madzi ndiyo inandionetsa kuti opanga chikwamachi sankaganiza za ife. Mulibe kalikonse ka kutsegula m'mimba. Chonsecho Freddy anatipeza tili kale pakati pa mliri wa kolera womwe unayamba mu Malichi 2022, waukulu kuposa ina yonse m'mbiri ya dziko lino, womwe unapha anthu oposa 1,700. Madzi akasefukira zimbudzi zimagumuka, mapaipi amaduka, zitsime zimadzaza nyansi, ndipo anthu mazana amagwiritsa ntchito zimbudzi zomangira ana a sukulu. Chimene chimapha mwana kumsasa nthawi zambiri si bala koma kutha madzi m'thupi. M'botolo la chiponde lachiwiri muli mapaketi khumi a Thanzi ORS ndi mapiritsi a zinki. Paketi imodzi ndi ya lita imodzi ya madzi abwino, ndipo zotsala zikagona tsiku lathunthu zimatayidwa. Zinki mwana amamwa masiku 10 mpaka 14 ngakhale m'mimba mutasiya, mulingo wake funsani alangizi a zaumoyo malinga ndi msinkhu. Thanzi akatha, shuga masupuni a tiyi asanu ndi limodzi osasefukira ndi mchere theka la supuni mu lita imodzi zimagwira ntchito, ndiye ndinaikamo kasupuni ndi timapaketi ta shuga ndi mchere. Koma wotsegula madzi oyera ngati otsukira mpunga, ameneyo mumwetseni muli m'njira yopita kuchipatala, osadikira kuti kuche.

Pambali pake pali kabotolo ka WaterGuard. Mulingo walembedwa pabotolo, ndipo ukathira umadikira mphindi 30 usanamwe. Madzi akakhala a matope umayamba wawasefa pansalu yoyera kapena kuwasiya adikhe. Mankhwala amenewa sakhalitsa ngati mapiritsi, ndiye ndimawagwiritsa ntchito pakhomo n'kugula atsopano dzinja likamayandikira. Ndimalimanga m'jumbo lakelake chifukwa likatayikira limayeretsa nsalu ndi kuwononga mabandeji.

Opanga chikwamachi sanaikemo piritsi ngakhale limodzi, ndipo pamenepo sindiwadandaula, poti sangadziwe matenda a banja lililonse. Ntchito imeneyo ndi yathu. Ndinaikamo Panado wa akuluakulu ndi wamadzi wa ana pamodzi ndi kachikho kake koyezera. Wamkulu samwa opitirira awiri nthawi imodzi, kapena opitirira asanu ndi atatu patsiku. Aspirin ndinamusiya dala chifukwa sapatsidwa kwa ana, ndipo pachipwirikiti munthu ukhoza kusokoneza. Brufen ndinamusiyanso, poti safuna m'mimba mopanda kanthu, ndipo kumsasa chakudya chimabwera pomwe chabwerera. Mnzanga wina anandiuza kuti ndiikemo LA ndi makapisozi a amoxicillin, akuti amapezeka kumsika. Ndinakana. Thupi kutentha si malungo nthawi zonse, ndipo malungo amayamba ayezedwa. Mankhwala ogula pabenchi, okhala padzuwa tsiku lonse, sudziwa kuti ndi enieni kapena anatha liti mphamvu. M'malo mwake ndinagula choyezera kutentha kwa thupi, kuti ndizidziwa pomwe mwana wafika poti tithamange naye, ndi neti imodzi yopinda bwino yomwe imakhala m'chikwama chachikulu cha zovala.

Chofunika kuposa zonse m'botolo loyamba ndi mankhwala a mayi. Nthawi iliyonse akakatenga atsopano, ndimasinthanitsa: a sabata imodzi atsopano amalowa m'botolo, akale amatuluka kuti amwe. Motero sakhalitsa mpaka kutha mphamvu. Ndinalemba dzina la mankhwalawo ndi kamwedwe kake pakapepala, ndipo masamba a buku lawo la kuchipatala ndinawajambula pafoni ndi kuwachita fotokope, pamodzi ndi ziphaso zaunzika ndi makadi a sikelo a ana. Amene muli ndi wodwala shuga, mphumu, khunyu, TB, kapena womwa ma ARV, chitani chimodzimodzi. Kumsasa kuja kunali mayi wina yemwe anakhala masiku anayi osamwa ma ARV chifukwa botolo linapita ndi madzi, ndipo ankachita manyazi kunena pagulu pomwe anthu a mudzi umodzi anali pamzere. Anandinong'oneza usiku, ndipo m'mawa ndinamuperekeza kwa anamwino pambali. Akanakhala ndi mapiritsi asanu ndi awiri okha m'kabotolo kotseka bwino sakanavutika choncho.

Chikwamachi chagwirapo ntchito kawiri chigulireni, ndipo konse sikunali kwa namondwe. Koyamba mzime wanga anadzithira phala lamoto pamkono. Anansi anathamanga, wina ndi dzira, wina ndi mankhwala otsukira mano, wina akuti tipake mafuta ophikira. Ndinawapepesa onse n'kuika mkono pampopi kwa mphindi 20, mwana akulira, ine ndikuyang'ana wotchi ya pafoni. Mphindi 20 n'zambiri mwana wako akamakuwa, koma ndi zomwe zimachotsa moto m'mnofu. Nditatsegula chikwama ndinapeza kuti mulibe chophimbira bala la moto chosakanirira, ndiye ndinaphimba ndi jumbo yatsopano yoyera, osamanga kwambiri, n'kupita naye kuchipatala. Matuza sitinaboole. Anapola bwino, chipsera n'chochepa. Pobwerera ndinagula gauze wa mafuta uja wopangira mabala a moto, ndipo pano alimo mapaketi atatu. Kachiwiri anali mnyamata wa kabaza yemwe anagwa pafupi ndi khonde langa n'kung'ambika pamsongolo. Tsiku limenelo ndinali nditabwera nacho kuntchito kudzasoka lamba. Padi imodzi, bandeji imodzi, dzanja langa lovala golovesi likupsinja, magazi anasiya asanafike anzake odzamunyamula. Apo ndinaona ubwino wa matumba oonekera aja, chifukwa ndinangouza mtsikana wa m'sitolo kuti, "Achemwali, ndipatseni choyera chili kumanzereko," iye n'kuchipeza pomwepo.

Kabuku ka malangizo komwe kanalimo ndi ka Chingerezi, zilembo zazing'ono ngati nyerere, ndipo kamakamba za chipale chofewa ndi manambala a foni a mayiko ena. Mayi anga sangakawerenge, ndipo ine ndemwe ndi tochi usiku sindingathe. Ndinagula kope laling'ono n'kulembamo m'Chichewa ndi zilembo zikuluzikulu: magazi, moto, kutsegula m'mimba, kuthyoka, njoka. Tsamba la njoka ndinalemba chifukwa cha abale a bambo a ana a ku Chikwawa, komwe madzi akasefukira njoka zimathawira pamtunda pomwe pathawira anthu. Osacheka, osayamwa, osamanga chingwe, wolumidwayo asayende, mwendo ukhale chete, anyamulidwe kupita kuchipatala. Kumapeto kwa kope kuli manambala a foni a abale, olemba pamanja, chifukwa nthawi ya Freddy magetsi anazima ndipo mafoni onse anathima ndi manambala ali momwemo. Zambiri zomwe zili m'kopemo ndinaphunzira kwa namwino wa kumpingo uja, yemwe anatiphunzitsa amayi a chigwirizano Loweruka awiri. A Malawi Red Cross Society nawonso amaphunzitsa chithandizo choyamba, ndipo mukamva kuti afika m'dera lanu pitani, chifukwa kumanga bandeji kumafuna manja azolowere.

Nditamaliza kuchotsa ndi kuonjezera, zipi inayamba kutseka movutikira, ndiye mabotolo a chiponde ndi botolo la madzi amakhala kunja kwake, m'chikwama chakumsana momwe chofiirachi chimalowa pamodzi ndi tochi, mabatire, wezulo, kawailesi, zitenje ziwiri ndi majuzi a ana. Ndinachiyeza pasikelo ya ogulitsa nyemba, chonse chinakwana makilogalamu asanu. Chisamba wanga wa zaka khumi ndi ziwiri amachibereka bwinobwino. Ndinafuna kuikamo zambiri, koma chikwama cholemera chimasiyidwa pakhomo.

Kodi ndingakuuzeni kuti mugule? Ngati ndalama ilipo, gulani, chifukwa cha matumba ake, bandeji yotamuka, nsalu ya makona atatu ndi bulangete lija, koma musanalipire tsegulani muone masiku othera mphamvu pa chilichonse, ndipo musungeko ndalama ina pafupifupi yofanana yogulira zomwe mulibe. Ngati ndalama ndi yochepa, musadandaule nacho. Tengani kandowa ka pulasitiki ka chivindikiro chothina, kapena mabotolo a chiponde atatu m'chikwama chakale cha sukulu, n'kumagula zinthu pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi, kuyambira Thanzi, gauze, mabandeji, sopo ndi magolovesi. Mnansi wanga anachita choncho ndipo chake chili ndi zofunika kuposa mmene changa chinalili pochokera ku Limbe.

Chathu chimakhala pamsomali kuseri kwa chitseko cha pabalaza, pamwamba poti mzime sangafikire, osati m'sutukesi pansi pa bedi pomwe madzi amayambira kufika. Mu Disembala 2024 a zanyengo atachenjeza pawailesi za namondwe Chido, tinachitsitsa n'kuchiika pampando pafupi ndi khomo, nsapato za aliyense zili pansi pake. Mphepo inaomba usiku wonse, mayi anakhala tsonga akupemphera, koma phiri linakhala chete ndipo m'mawa tinachibwezera pamsomali. Okutobala aliyense, mvula isanagwe, ndimachikhuthula pamphasa n'kuona chimodzichimodzi. Ulendo wapitawu ndinapeza magolovesi awiri atamatana ndi kutentha, Panado wa ana atatsala miyezi iwiri, ndipo batire limodzi litatuluka madzi m'tochi. Pano mabatire ndimawasunga kunja kwa tochi, m'botolo la chiponde limodzi ndi machesi.